Deti ndi kalendala ya pa kompyuta: zimayenda bwanji, nanga zimasokera pati?

Amalume anga amakhala ku Mufakose, muno mu Harare, ndipo ndiwo mlembi wa kabungwe ka maliro ka mabanja ochokera ku Malawi a m'dera lawo. Zopereka za mwezi ndi mwezi, mayina a olowa kumene ndi a amene atisiya, makalata opita kumudzi, zonsezi amazilemba pa kompyuta ya pa desiki imene anagula m'tauni, imodzi mwa zija zimene zinagwirako kale ntchito m'maofesi a kunja. Mwezi wathawu magetsi anathima kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Atayaka, amalume anayatsa kompyuta ija, ndipo pakona ya m'munsi, kudzanja lamanja, panalembedwa kuti lero ndi 1 Januwale 2009. Imelo inakana kutseguka. Tsamba la banki linakananso. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera.

"Mphwanga, muno mwalowa kachilombo. Makinawa abwerera m'mbuyo zaka zonsezi. Mabuku a anthu sanafufutike amenewa?"

Palibe chinafufutika, ndipo kachilombo kanalibemo. Nditafika mawa lake ndinapeza zinthu zitatu zitapiringizana pamodzi: wotchi ya m'kati inali itaima, kompyuta inkadziyesa kuti ili ku America, ndipo madeti inkawalemba motsogoza mwezi. Zitatuzi ndi zosiyana, chilichonse chili ndi pokonzera pake, koma kwa munthu amene wakhala pa mpando akuyang'ana sikirini zimaoneka ngati vuto limodzi. Ndaona anthu ambiri a kwathu kuno, ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku, akulipira amisiri pa zinthu zimene akanakonza okha akanadziwa mmene kawotchi ka pakona kaja kamagwirira ntchito. N'chifukwa chake ndalemba izi.

Kompyuta sidziwa kuti lero ndi liti

Ife timadziwa tsiku poona dzuwa, pomva belu la kutchalitchi, poona ana atavala yunifolomu. Kompyuta ilibe zonsezo. Imangowerenga. M'kati mwake, pa bolodi lalikulu lija pamene pamalumikizana zipangizo zonse, pali kawotchi kakang'ono kokhala ndi kamwala kotchedwa quartz. Kamwala kameneka kakalandira mphamvu ya magetsi kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi imodzi. Nambala imeneyi anachita kuisankha: mukaigawa pawiri, n'kugawanso pawiri, mpaka maulendo 15, mutsala ndi 1. Ndiye kawotchiko kamagawa choncho n'kupeza sekondi imodzi, kenako ina, kenako ina, ngati munthu woponya njere ya chimanga m'chitini nthawi iliyonse thumba likatsika mu lole.

Funso ndi lakuti, kompyuta ikazimitsidwa, ndani akupitiriza kuponya njerezo? Yankho lake ndi kabatire kozungulira, kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Manambalawo akunena kukula kwake: mamilimita 20 m'mimba mwake, mamilimita 3.2 kuchindikala. Kamatulutsa mavoti 3 okha, ndipo kamakhala zaka zingapo. Kakatha, kompyuta imaiwala pamene inalekezera nthawi iliyonse magetsi akachoka, ndipo imayambira pa deti limene opanga anaika ku fakitale. Kwa amalume linali la mu 2009.

Apa pali mfundo yotikhudza ife a muno mu Harare. Kompyuta ya pa desiki ikakhala yolumikizidwa ku khoma, ngakhale itazimitsidwa, imakokabe timagetsi tochepa, ndipo kawotchi kaja kamadya timeneto, kabatire n'kumapuma. Koma magetsi akathima maola ambiri, kapena tikamazula chingwe usiku uliwonse poopa kuti magetsi angabwere mwamphamvu n'kuotcha zinthu, kabatire kamagwira ntchito kokha. Onjezerani pamenepo kuti kompyutayo inabwera kale ili ndi zaka, kabatire kake kali komweko kamene kanaikidwa ku fakitale. Sikuti musiye kuzula chingwe, kuteteza makina n'kofunika kwambiri kuposa kabatire. Kungoti mukaona deti likubwerera m'mbuyo magetsi akangothima, dziwani poyambira.

Pansi pa deti pali nambala imodzi yaitali

Mawu akuti "Loweruka, 5 Epulo" ndi a ife anthu. Kompyuta imasunga nambala, ndipo imachita kuitembenuza kuti ife tiwerenge. Makompyuta a Linux, a Apple ndi mafoni a Android amawerenga masekondi amene adutsa kuchokera pakati pa usiku wolowa 1 Januwale 1970. Tsiku limodzi ndi masekondi 86,400. Pa 9 Seputembala 2001 nambalayo inakwana 1,000,000,000, ndipo pa 14 Novembala 2023 inakwana 1,700,000,000. Windows ili ndi poyambira pake, 1 Januwale 1601. Excel nayo imawerenga masiku, osati masekondi, kuyambira 1 Januwale 1900, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina mumalemba deti m'kabokosi n'kuona patuluka 45658. Sichinawonongeke chilichonse pamenepo. Imeneyo ndi 1 Januwale 2025 itavula malaya, ndipo mukasintha kabokosiko kuti kazionetsa deti, ibwerera mmene inalili.

Mwina munamvapo za vuto la chaka cha 2038. Mapulogalamu ena akale anasiyira nambala ya masekondi ija malo okwana 2,147,483,647 basi. Nambala imeneyo idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu, ndipo pulogalamu yotero ikadzapitirira pamenepo idzasokonezeka monga mita ya galimoto yakale imene yafika pa 99999. Makompyuta a masiku ano anawonjezera malowo kutali kwambiri, choncho ya pa desiki panu si yoti ikusowetseni tulo.

Chifukwa chimene intaneti imakanira deti likalakwika

Chimene chinawaopsa kwambiri amalume n'chakuti banki ndi imelo zinatsekeka. Masamba otetezedwa a pa intaneti amakhala ndi satifiketi, chikalata chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni osati la akuba. Satifiketi imeneyi ili ngati laisensi yoyendetsera galimoto: ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox, imayang'ana masiku awiriwo n'kuwayerekeza ndi wotchi ya kompyuta yanu. Ngati kompyuta ikuti tili mu 2009 pamene satifiketi inaperekedwa chaka chino, ndiye kuti kwa iyo chikalatacho sichinayambe kugwira ntchito, ndipo imatseka chitseko. Chrome nthawi zambiri imachita kunena poyera kuti "Your clock is behind", kutanthauza kuti wotchi yanu yatsalira.

Kamwala ka quartz nakonso si kangwiro. Kutentha ndi kuzizira kumakachititsa kuthamanga kapena kutsalira, mwina sekondi imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Pofuna kuwongola zimenezi, kompyuta yolumikizidwa ku intaneti imafunsa nthawi kwa makompyuta ena amene amatsatira mawotchi olondola kwambiri a akatswiri a sayansi. Njira yofunsirayi imatchedwa NTP, ndipo anaikonza ndi David Mills m'zaka za m'ma 1980. Nzeru yake ndi yokoma: kompyuta yanu imalemba nthawi imene funso lanyamuka ndi imene yankho lafika, n'kuchotsera nthawi imene uthengawo unathera panjira.

Pa Windows 10 ndi 11 pitani ku Settings, kenako Time & language, kenako Date & time. Pali kabatani kolembedwa Set time automatically, kayatseni, ndipo m'munsi mwake dinani Sync now. Deti likakhala kuti lasokera zaka zambiri, nthawi zina zimenezi zimakanika. Zikatero zimitsani kaye kabatani kaja, ikani deti la lero ndi manja, ndiye muyatsenso.

"Harare, Pretoria"

Apa ndi pamene ambiri amagwa osadziwa kuti agwa. Nambala ya masekondi ija ndi imodzi pa dziko lonse, ndipo imatsatira nthawi yotchedwa UTC, imene m'mawu a tsiku ndi tsiku ndi nthawi ya ku Greenwich, ku London. Dera lililonse limawonjezera kapena kuchotsera maola ake. Zimbabwe, Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa tonse tili maola awiri kutsogolo kwa UTC chaka chonse. N'chifukwa chake munthu akakwera basi pa siteshoni ya Roadport muno mu Harare, n'kudutsa Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre, sakhudza wotchi yake. Koma akapitirira mpaka kuwoloka Songwe kulowa Tanzania, awonjezere ola limodzi.

Mu Windows, dera lathu linalembedwa kuti Harare, Pretoria, pambali pa UTC+02:00. Sankhani limeneli ngakhale mutakhala ku Lilongwe. Pa Linux mupeza Africa/Harare kapena Africa/Blantyre, ndipo zonse zimapereka nthawi imodzimodzi. Chenjerani ndi mayina ena amene ali pa mzere womwewo wa UTC+02:00, monga Athens, Helsinki kapena Cairo. Lero akhoza kugwirizana nafe, koma mayiko amenewo amakankha mawotchi awo ndi ola limodzi nyengo yawo yotentha ikafika, ndipo tsiku lina mudzangodzuka kompyuta ili patsogolo ndi ola lathunthu.

Kompyuta ya amalume inali pa Pacific Time, nthawi ya kumadzulo kwa America, imene imatsalira kwa ife ndi maola 10, kapena 9 m'nyengo yawo yotentha. Amene anawagulitsa anangosintha manambala a wotchi ndi manja kuti aoneke ngati a kuno, dera osalikhudza. Pamaso zinkaoneka bwino. Koma pansi pake nambala ija inali yolakwika ndi maola onsewo, moti imelo imene amalume atumiza m'mawa inkafika kwa anzawo itadindidwa nthawi ya madzulo. Zili ngati kupenta khoma la nyumba imene maziko ake ndi opendama. Choncho yambani mwakonza dera, nthawi ibwere pambuyo.

Kudziwa za madera kumathandiza kwambiri mabanja athu, poti tinabalalika. Mwana wa amalume ali ku London. Kumeneko amakankha wotchi patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ndiye akati tilankhulane 6 koloko madzulo nthawi ya kwawo, mu Januwale ndi 8 koloko usiku kuno, koma mu Julayi ndi 7 koloko. Nkhani za maliro ndi za ukwati zikamakambidwa pa foni ndi abale a m'mayiko atatu, ola limodzi limeneli limakhumudwitsa anthu, wina n'kumaganiza kuti anzake anamusiya dala. Windows imalola kuwonjezera mawotchi ena awiri pa gawo lotchedwa Additional clocks. Mukaika London ndi mzinda wina, mungoloza pakona paja n'kuona nthawi zonse zitatu.

Kwa amene anaika Windows ndi Linux m'kompyuta imodzi: mukaona wotchi ikulumpha maola awiri nthawi iliyonse mukachoka kwina kupita kwina, chifukwa chake n'chakuti Windows imayesa kuti kawotchi ka pa bolodi kakusunga nthawi ya kuno, pamene Linux imayesa kuti kakusunga UTC. Imodzi iyenera kuuzidwa kuti itsatire inzake.

Kodi 05/04 ndi Epulo kapena Meyi?

Kuno ku Zimbabwe, ku Malawi ndi ku Britain timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Ku United States amayamba ndi mwezi. Choncho 05/04 kwa ife ndi 5 Epulo, kwa iwo ndi 4 Meyi. Kompyuta imatsatira dziko limene inauzidwa, ndipo zambiri zimene timagula zinauzidwa kuti zili ku United States.

Izi ndinaziona bwino m'buku la zopereka la amalume. Ankalemba madeti mu Excel mwa chizolowezi chathu. Atalemba 05/04/2025, pulogalamuyo inalandira n'kusunga 4 Meyi, osanena kanthu. Atalemba 13/04/2025, inaona kuti kulibe mwezi wa 13, ndiye inangosunga ngati mawu wamba. Mukayang'anitsitsa mzere wa madetiwo mumaona ena atatsamira kumanja kwa kabokosi, ena kumanzere. A kumanjawo ndi amene Excel yawazindikira kuti ndi madeti, a kumanzerewo yawatenga ngati mawu. Amalume atafuna kusanja mayina motsatira tsiku lopereka, zonse zinasakanikirana, ndipo mayi wina wamasiye amene anapereka pa nthawi yake anaoneka ngati anachedwa ndi mwezi. M'kabungwe ka maliro imeneyo si nkhani yaing'ono, chifukwa kuchedwa kupereka kumakhudza thandizo limene banja lidzalandire.

Pokonzera pake ndi pa Region, m'gawo lomwe lija la Time & language. Pa Regional format sankhani Chingerezi cha Zimbabwe kapena cha United Kingdom. Dziwani kuti kusinthaku kumathandiza zimene mudzalembe kutsogolo, koma madeti amene analowa kale molakwika muyenera kuwaona limodzi ndi limodzi, mutatsegula buku la malisiti pambali.

Ine m'makalata ndimalemba dzina la mwezi m'mawu, 5 Epulo 2025, kuti pasakhale wofunsa. Pa mayina a mafayilo ndimayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2025-04-05. Kalembedwe kameneka ndi kovomerezeka pa dziko lonse, kamatchedwa ISO 8601, ndipo ubwino wake ndi wakuti mafayilo amadzisanja okha kuyambira akale mpaka atsopano.

Pamalo omwewo mungasankhenso tsiku loyamba la sabata. Kalendala ya ku America imayamba ndi Lamulungu, ndipo munthu wozolowera kuona Lolemba kumayambiriro akhoza kuloza bokosi lolakwika ali m'changu. Chinenero chathu chinasankha kale: Lachiwiri ndi tsiku lachiwiri, Lachitatu lachitatu, mpaka Lachisanu, kuwerengera kuchokera pa Lolemba, tsiku lolembedwa ntchito, n'kukathera pa Loweruka, tsiku loweruka. Anzathu a Chishona amawerenganso chimodzimodzi ndi Chipiri, Chitatu, China ndi Chishanu. Amene amakonda kuona Lamulungu patsogolo chifukwa cha chipembedzo akhoza kulisiya choncho. Chofunika n'chakuti kalendala ya pa kompyuta ifanane ndi ya pakhoma imene maso anu anazolowera.

Malamulo amene kalendala imatsatira

Kompyuta imadziwa bwanji kuti Febuluwale wa chaka chakuti ali ndi masiku 29? Inapatsidwa lamulo. Dziko limazungulira dzuwa m'masiku pafupifupi 365.2422. Kalendala ya Julius Caesar inkawonjezera tsiku limodzi zaka zinayi zilizonse, zimene zimapereka masiku 365.25, kupitirira ndi mphindi pafupifupi 11 pa chaka. Mphindi zimenezi zinaunjikana mpaka Pasaka anayamba kuchoka pa nyengo yake. Mu 1582 Papa Gregory XIII analamula kuti Lachinayi pa 4 Okutobala litsatiridwe ndi Lachisanu pa 15 Okutobala, ndipo anakonza lamulo: chaka chogawika ndi 4 chimalandira tsiku lowonjezera, kupatula chogawika ndi 100, pokhapokha ngati chikugawikanso ndi 400. Choncho 2000 inali ndi 29 Febuluwale, 1900 inalibe, 2100 idzakhalanso ilibe.

Britain ndi madera ake anasintha mochedwa, mu 1752. Ngati muli ndi Linux kapena kompyuta ya Apple, tsegulani pulogalamu yotchedwa Terminal n'kulemba cal 9 1752. Mudzaona mwezi wa Seputembala ukulumpha kuchoka pa 2 kufika pa 14. Ndimakonda kuwaonetsa ana zimenezi, chifukwa zimawaphunzitsa kuti kalendala ndi pangano la anthu. Lamulo lomweli la cal limaonetsa mwezi uliwonse wa chaka chilichonse, ndipo ndi njira yachangu yodziwira tsiku limene agogo anabadwa kapena limene anafika ku Salisbury, Harare ya lero, kudzafuna ntchito, ngati deti lake lili pa chitupa chakale.

Kuchoka pa kuona tsiku kufika pa kusunga zochitika

Kakalendala kotuluka mukadina wotchi ya pakona ndi koonera masiku. Pa Windows 10 kankaonetsanso zochitika zimene munalemba, koma Windows 11 itatuluka mu 2021 inabwera ndi kongoonetsa mwezi. Pulogalamu yakale ya Mail and Calendar nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2024, n'kulozera anthu ku Outlook yatsopano. Ambiri asokonezeka ndi kusinthaku, akufunafuna chinthu chimene chinali pomwepo dzulo. Njira zilipo zingapo: Outlook, Google Calendar yotsegulira pa intaneti, Thunderbird imene ndi yaulere ndipo ili ndi kalendala m'kati mwake, Calendar ya Apple, ndiponso GNOME Calendar kapena KOrganizer pa Linux. Zonse zimagwira ntchito mofanana: mumadina tsiku, mumalemba chochitika, mumaika nthawi, n'kusankha kuti ikukumbutseni liti.

Kusiyana kwenikweni ndi kumene zinthuzo zikusungidwa. Kalendala yosungidwa m'kompyuta momwemo sifuna bandulo ndipo palibe wina wakunja amene akuiona, koma magetsi akathima simungaitsegule, ndipo makina akafa yapita. Yosungidwa pa akaunti ya pa intaneti imaonekanso pa foni, moti chikumbutso chimakupezani muli mu kombi, koma imafuna netiweki ndipo mwaika nkhani zanu m'manja mwa kampani. Aliyense aone chomuyenera. Kumene mwasankhako, phunzirani kutulutsa kalendala yanu ngati fayilo yothera ndi .ics, imene mapulogalamu onsewa amaimva, n'kuisunga pa fulashi. Ndipo ngati kompyutayo ndi ya anthu ambiri, ya ku ofesi ya tchalitchi kapena ya malo olipira, tulukani mu akaunti yanu mukamaliza.

Pamene pafunika maso ndi pa zochitika zobwerezabwereza. Kabungwe ka amalume kamakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Mukalemba msonkhano wa pa 5 Epulo n'kungosankha kuti uzibwereza mwezi ndi mwezi, mapulogalamu ambiri amamva kuti mukunena pa 5 pa mwezi uliwonse, ndipo mu Meyi chikumbutso chidzalira Lolemba. Muyenera kulowa m'kati mwa zosankhazo n'kunena kuti Loweruka loyamba. Chimodzimodzi lendi yolipira pa 31: miyezi ina ilibe tsikulo, ndipo mapulogalamu ena amangoidumpha. Sankhani tsiku lomaliza la mwezi ngati mwayi ulipo, apo ayi ikani pa 28.

Masiku obadwa ndi okumbukira omwalira alembeni ngati chochitika cha tsiku lonse, osaika ola. Chochitika chokhala ndi ola chimasuntha mukachitumiza kwa munthu wa dera lina, moti chimene mwaika pakati pa usiku kuno chimagwera dzulo kwa mbale wa ku London.

Maholide a mayiko awiri

Ife timakhala ndi mwendo umodzi kuno, wina kumudzi, ndiye kalendala ya dziko limodzi sitikwanira. Kuno timapuma pa 18 Epulo kukumbukira ufulu wa 1980, pa 25 Meyi, pa 22 Disembala, ndiponso pa Heroes' Day imene imagwa Lolemba lachiwiri la Ogasiti, n'kutsatiridwa ndi tsiku la asilikali mawa lake. Ku Malawi maofesi amatseka pa 15 Januwale tsiku la John Chilembwe, pa 3 Malichi tsiku la ofera dziko, pa 14 Meyi tsiku la Kamuzu, pa 6 Julayi kukumbukira ufulu wa 1964, ndi pa 15 Okutobala tsiku la anakubala. Amene akutsatira zikalata ku Lilongwe, kapena akutumiza ndalama yoti ikatengedwe ku banki tsiku lomwelo, akadziwa izi amapewa ulendo wachabe. Google Calendar imalola kuwonjezera maholide a mayiko onse awiri, n'kuwapatsa mitundu yosiyana.

Pasaka kompyuta imamuwerengera yokha molondola, chifukwa ali ndi lamulo lake, ndipo amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Koma kwa abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri pakati pa ife ochokera ku Malawi, tsiku la Eid lolembedwa pa kalendala ya kompyuta ndi longoyerekeza. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, ndipo mwezi umayamba ukaoneka kumwamba. Mawu omaliza ndi a ku mzikiti, ndipo akhoza kusiyana ndi a pa sikirini ndi tsiku limodzi.

Kuwerenga masiku

Kachida kamene anthu ambiri sakadziwa kali m'kati mwa Calculator ya Windows. Mukadina timizere titatu ta pakona ya m'mwamba mupeza Date calculation. Kamakuuzani masiku amene ali pakati pa madeti awiri, kapena deti limene mudzafike mukawonjezera masiku akutiakuti. N'kothandiza pa ngongole, pa notisi ya nyumba, pa masiku a mlendo wochokera kumudzi.

Koma samalani ndi tsiku loyamba. Tinene kuti azakhali alowa m'dziko pa 20 Januwale ndipo apatsidwa masiku 30. Calculator ikawonjezera 30 pa 20 Januwale imapereka 19 Febuluwale, chifukwa siwerenga tsiku loyambiralo. Ngati tsiku lolowera likuwerengedwa ngati loyamba, la 30 ndi 18 Febuluwale. Pa nkhani za pa malire, deti lodindidwa mu pasipoti ndi limene lili ndi mphamvu, ndipo limenelo ndi loti mulembe mu kalendala, chikumbutso chake n'kuchiika sabata yathunthu lisanafike.

Za kabatire kaja

Tinakagula ku sitolo yogulitsa mawotchi ndi mabatire, ndipo mtengo wake sunafike wa chakudya cha masana m'tauni. Tinazimitsa kompyuta, kuzula chingwe ku khoma, kumasula zomangira ziwiri za kumbuyo, n'kutsegula chivindikiro cha m'mbali. Ndinawauza amalume kuti ayambe agwira chitsulo cha bokosilo, kuti timagetsi tokhala m'thupi tituluke tisanawononge bolodi. Kabatire kanali poonekera, konyezimira, kogwidwa ndi kachitsulo kakang'ono m'mbali. Anakankha kachitsuloko ndi chikhadabo, kakale kanadumpha, ndipo katsopano anakalowetsa mbali yolembedwa + ili m'mwamba. Pa laputopu zimavutirapo, chifukwa kabatire kamabisika pansi ndipo nthawi zina kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki n'kulumikizidwa ndi timawaya tiwiri. Pamenepo ndi bwino kupita kwa mmisiri.

Titayatsa, tinaika dera la Harare, Pretoria, tinadina Sync now, tinasintha Region, kenako tinakhala madzulo onse ndi buku la malisiti, ine ndikuwerenga, iwo akuwongola madeti mu Excel. Dzina la mayi wamasiye uja linabwerera mu Epulo. Amalume analemba okha msonkhano wa Loweruka loyamba, n'kupita mpaka Disembala kuona ngati ukugwera pa Loweruka mwezi uliwonse. Pomaliza anasindikiza tsamba la mwezi uno n'kulimata pa chitseko cha kabati, pafupi ndi kalendala ya ku tchalitchi, kuti aziliona ngakhale magetsi atathima.